Kupenta kauntala ya kukhitchini ndi ndalama zochepa: njira iti ingapirire madzi, mafuta ndi poto wotentha?

Mukhitchini mulibe malo amene amazunzika ngati pamwamba pa kauntala. Pamatayikira madzi tsiku ndi tsiku, pamadonthera mafuta, pamakhala poto wotentha, ndipo wina akasowa thabwa lodulirapo amangodulira pomwepo. Khoma mukalipenta mumangoliyang'ana, pamene kauntala mumaikanda, kuinyowetsa ndi kuipukuta kangapo patsiku. N'chifukwa chake penti amene angakhale zaka pakhoma osasintha akhoza kusupuka pakauntala mwezi usanathe. Kuchotsa yakale n'kuika ya mwala kumadya ndalama zambiri, ndiye anthu amayang'ana ku penti, ndipo zimathekadi. Kungoti ambiri amathera maganizo onse pa mtundu, woyera kapena wotuwa, pamene mtunduwo ndi nkhani yaing'ono. Ntchitoyi imakhalitsa kapena kulephera chifukwa cha chimene chili pansi pa pentiyo, chimene mwaika pamwamba pake, komanso masiku amene mungapirire osaigwiritsa ntchito kauntalayo.

Yambani mwaona chimene mukufuna kupentacho

Makauntala ambiri otsika mtengo ndi a Formica kapena zina zofanana nayo. Kampani ya Formica inayamba mu 1913 ku Cincinnati, ku United States, ndipo poyamba inkapanga zotchingira magetsi m'makina. Zoika pamatebulo ndi m'makhitchini zinabwera pambuyo pake. Formica yeniyeniyo ndi mapepala angapo oviikidwa mu utomoni wa kufakitale, n'kuwapanikiza pamodzi pa kutentha kwambiri. Chimatuluka chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo amachimata pathabwa la utuchi wopanikiza. Pamwamba penipeni pamakhala melamine, amene anamuikapo dala kuti litsiro ndi mafuta zisamakakamire. Tsoka lake penti nayenso sakakamira. Mukapenta Formica osaikonza, n'kukanda pakona ndi chikhadabo, pentiyo amachoka chigamba chathunthu, pansi pake pakunyezimira ngati simunapentepo.

Musanagule kanthu, dinikizani chala m'mbali mwa sinki ndi m'malo molumikizira. Ngati patukumuka kapena pakufewa, madzi analowa kale m'thabwa la utuchi lija, ndipo thabwa lotero likafufuma silibwereranso. Penti abisa milungu ingapo kenako adzang'ambika pomwepo. Pamenepo pakufunika kusintha chigawo chowolacho. Koma ngati Formica yangomatuka m'mphepete, thabwa lili louma, guluu wa kontakiti amabwezeretsa. Timaenje ndi pobenthuka mumatseka ndi fila wosakaniza mbali ziwiri, ngati amene amatsekera bodi ya galimoto, n'kusalaza ndi sandipepa.

Kauntala ya simenti ili ndi zake. Ngati ndi yatsopano, idikireni masiku 28 kuti ikhwime. Simenti imasunga chinyontho m'kati ngakhale kunja kukuoneka kouma, ndiye yesani chonchi: matani pulasitiki pamwamba pake ndi tepi mbali zonse zinayi, musiye maola osachepera 16. Mukapeza timadontho kunsi kwa pulasitikiyo, kapena simentiyo itadera pamenepo, musapente. Chinyonthocho chidzakankha penti kuchokera pansi.

Matailosi amapenteka, koma mizere ya pakati pawo siichoka, ndipo ndi m'mizeremo mmene penti amayambira kutha. Thabwa lenileni ndiye losavuta pa zonse. Za kauntala ya mwala wa granite kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri, ine ndinganene mawu amodzi: isiyeni. Palibe penti amene angalimbe kuposa zimene muli nazo kalezo.

Ntchito imene palibe njira yoilambalala

Kaya mwasankha penti wotchipa kaya epoxy wodula (utomoni umene umalimba ukasakanizidwa ndi cholimbitsa), kukonza n'kumodzimodzi, ndipo ndi pano pamene ambiri amafulumira. Choyamba n'kuchotsa mafuta, kukwecha kumabwera pambuyo. Mukayamba ndi sandipepa, mafuta amene aunjikana zaka zambiri pafupi ndi chitofu mumangowalowetsa m'timikwingwirima tomwe mwapangato, ndipo penti sadzagwira. Tsukani ndi sopo wochotsa girisi, mutsukuluze ndi madzi oyera, paume. Kenako kwechani ndi sandipepa wa nambala 150 kapena 180. Cholinga si kuboola Formica ayi, koma kuti kunyezimira konse kuthe. Unikani ndi tochi cham'mbali. Paliponse pamene pakuwalabe, bwererani. Fumbi mulichotse ndi kansalu konyowa pang'ono, mumalize ndi sipiriti.

Silikoni yense wozungulira sinki ndi wa m'mphepete mwa khoma achoke, mpaka katsalira kochepa komwe. Penti sagwira pa silikoni. Amathawapo n'kusiya timaso. Watsopano mudzaika zonse zikatha.

Ngati kauntalayo inapentedwapo kalekale ndi penti wa mafuta, samalani ndi fumbi lake. Ku United States penti wokhala ndi mtovu anamuletsa m'nyumba mu 1978, koma m'mayiko ambiri wakhala akugulitsidwabe mpaka zaka zaposachedwa, makamaka wachikasu ndi wofiira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ndi wosavulaza, ndipo ana ndi amene amavutika kwambiri. Penti wakale wosadziwika musamukweche pouma. Nyowetsani pokwecha, ana atalikire, zakudya ndi mbale zituluke m'chipindamo.

Pali kachiyeso kamene kamapulumutsa ndalama. Pakani pulaima, amene ndi penti woyamba wogwiritsa wina pamwamba pake, pakona yobisika, musiye masiku angapo. Ndi lezala, dulani timizere topingasana ngati timabokosi, matanipo tepi mwamphamvu, kenako muisomphole kamodzi n'kamodzi. Timabokosi tikatsala pakauntala, pitirizani. Tikapita ndi tepiyo, pulaimayo si woyenera kapena simunakweche mokwanira, ndipo ndi bwino kudziwira pakona kusiyana n'kudziwira pakauntala yonse.

Penti wa pakhoma ndi penti wa mafuta

Njira yotchipa kuposa zonse ndi penti wa madzi amene anatsala popenta khoma. Amauma msanga, sanunkha, ndipo tsiku loyamba amaoneka bwino zedi. Koma ndi wofewa, anamupangira malo amene sakhudzidwa, ndipo madzi akakhalitsapo amamufewetsa. Pashelefu yoikapo mabotolo angakhale. Pafupi ndi sinki n'kutaya nthawi. Kumuphimba ndi vanishi popanda pulaima pansi kumathandiza pang'ono, koma vanishiyo wakhala pa chinthu chofooka, ndiye chikamatuka amapita limodzi.

Penti wa mafuta wonyezimira, amene timapentera zitseko ndi mafelemu a mawindo, ndi wolimbako kwambiri. Amapezeka mosavuta, amadzisalaza yekha moti mizere ya burashi imazimiririka, ndipo akakhwima amapirira kupukutidwa. Zovuta zake ndi zitatu. Amachedwa: pakati pa koti imodzi ndi inzake pamafunika maola 16 mpaka 24, ndipo kuti akhwime mpaka pansi pamapita milungu. Fungo lake m'chipinda chophikira si la masewera, moti mawindo ayenera kukhala otsegula, moto uliwonse wozimitsa. Chachitatu, woyera amasanduka wachikasu m'kupita kwa nthawi, makamaka m'makona mmene simufika kuwala, kuseri kwa ketulo kapena kunsi kwa makabati a m'mwamba. Pasimenti ndiye ali ndi vuto lina: mphamvu ya laimu imene ili mu simenti ikakumana ndi mafuta a mu pentiyo pali chinyontho, imawasandutsa chinthu chonga sopo, pentiyo n'kufewa, kunata ndi kusupuka. Pamenepo pamafunika kaye pulaima wopirira laimu. Pathabwa kapena pa Formica yokonzedwa bwino, mutasankha mtundu wodera, njira iyi si yoipa ayi. Ingoonani pachitini ngati palembedwa kuti mulibe mtovu.

Pulaima, penti wa acrylic ndi vanishi pamwamba

Iyi ndiye njira imene ine ndingalangize anthu ambiri amene ali ndi Formica. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi ntchito imodzi. Pulaima amagwira pamalo oterera, penti wa acrylic, amene ndi wa madzi, amapereka mtundu, vanishi amalandira nkhonya zonse. Ndalama zanu zipite kwa woyamba ndi womaliza. Wa pakatiyo akhoza kukhala wamba.

Pulaima akhale amene pachitini palembedwa kuti ndi wa pamalo osalala ngati melamine, matailosi kapena galasi. Andakoti wamba wa thabwa sagwira Formica. Pali pulaima wa shellac amene amauma pasanathe ola ndipo amagwira mwamphamvu, koma amanunkha sipiriti ndipo amauma m'burashi mukamazengereza. Wa madzi amachedwerapo kukhwima koma ndi wosavuta kupaka.

Gwiritsani ntchito karola kakang'ono ka siponji, kuti pasatsale ubweya. Makoti akhale opyapyala. Dzanja limafuna kuthira penti wambiri kuti mumalize ndi koti imodzi, koma koti yochindikala imauma pamwamba pokha, pansi n'kukhala phala kwa masiku. Makoti awiri a penti akwana. Amene akufuna maonekedwe a mwala angathe kudontheza mitundu iwiri kapena itatu ndi siponji yong'ambidwa mwachisawawa, kuyamba ndi wodera, kumaliza ndi wowala, uku akutembenuza dzanja kuti chidindo chimodzimodzi chisabwerezedwe. Sikuti n'zokongoletsa chabe: kauntala ya mawangamawanga imabisa zokandika ndi zigamba zokonza, pamene ya mtundu umodzi, makamaka yakuda yonyezimira, imaonetsa chilichonse mpaka nyenyeswa.

Pamwamba pakani vanishi wa polyurethane wa madzi, makoti atatu kapena anayi, n'kumakwecha mopepuka ndi sandipepa wa 320 pakati pake. Wa mafuta ndi wolimbirapo koma amabwera ndi chikasu chake, ndiye pa penti woyera amawononga. Chitini cha vanishi musachikhutchumule; takasani pang'onopang'ono ndi kamtengo, apo ayi thovu lonse lithera pakauntala.

Chimene chimagwetsa njira iyi si penti koma kusaleza mtima. Kuuma ndi kukhwima n'zosiyana. Pakatha maola ochepa mukhoza kukhudza osadetsa chala, pakatha masiku awiri kapena atatu mukhoza kuikapo zopepuka, koma kuti pakhwime kwathunthu pamafunika milungu itatu kapena inayi. M'masiku amenewo, kapu yonyowa ikagona usiku umodzi imasiya bwalo lotuwa, ndipo timiyendo ta labala ta ketulo kapena mayikulowevu timadinda timabowo tosachoka. Kuipa kwina n'kwakuti vanishi wa madzi sakonda madzi ongoima, ndiye pafupi ndi sinki muzipukuta. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imakonzeka: pakakandika, mumakwecha pang'ono n'kupakanso koti ina ya vanishi, osayambiranso pachiyambi.

Makampani ena amagulitsa zonsezi m'bokosi limodzi. La Giani limakhala ndi pulaima, mitundu ingapo yodontheza ndi siponji, ndi chophimba pamwamba, ndipo limakwana masikweya mita 3 ndi pang'ono. La Rust-Oleum lotchedwa Countertop Transformations lili ndi njira ina: mumapaka koti yomata, n'kumwazapo tizibenthu ta mitundumitundu, kukwecha kuti pasalale, kenako kuphimba. Chimene mukulipira pamabokosiwa n'chakuti zonse zinayesedwa kale kuti zimagwirizana, ndipo si chinthu chaching'ono, chifukwa pulaima wa kampani ina ndi vanishi wa kampani ina nthawi zina amakanana, pamwamba n'kuchita makwinya. Koma mtengo wake umaposa kugula zitini payekhapayekha, ndipo kauntala ikakhala yaitali pang'ono mufunika mabokosi awiri.

Epoxy wothira

Zithunzi zambiri zimene zimakopa anthu pa intaneti ndi za epoxy: pamwamba ponyezimira moti mumadziona nkhope, mizere yonga ya mwala wa marble ikuyenda pansi pake. Kunena zoona, pa njira zonsezi ndi amene amapirira madzi bwino kwambiri, ndipo ndi yekhayo amene angakwirire mizere ya matailosi, mukayamba mwaidzaza kaye. Koma mawu akuti "ndalama zochepa" amayamba kugwedezeka mukawerengera.

Tengani kauntala ya mamita 3 m'litali ndi masentimita 60 m'lifupi. Amenewo ndi masikweya mita 1.8. Penti wamba lita imodzi imakwana masikweya mita pafupifupi 10, kutanthauza kuti kachitini ka lita imodzi kakupatsani makoti asanu. Epoxy sapakidwa, amathiridwa. Lita imodzi imangokwana sikweya mita imodzi pa kuchindikala kwa milimita imodzi, ndipo koti yothira imakhala pafupifupi mamilimita 3. Ndiye kauntala yomweyo ikufuna malita 5.4, osawerengera amene adzayenderere m'mphepete n'kugwera pansi. Lita ya epoxy ndi yodula kale kuposa lita ya penti, ndiye chulukitsani nokha.

Kenako pali luso. Epoxy amabwera m'mabotolo awiri, utomoni ndi cholimbitsa, ndipo muyezo wake, kaya ndi 1 kwa 1 kaya 2 kwa 1, suyezedwa ndi maso. Mukaphonya, kapena mukapanda kupala bwino m'mbali ndi pansi pa ndowa potakasa, padzatsala malo onata amene sadzauma mpaka kalekale. Mukangosakaniza muli ndi mphindi 20 mpaka 40. Akakhala m'ndowa amadzitenthetsa yekha n'kulimba msangamsanga, ndiye muthireni pakauntala mukangomaliza kutakasa. Amayenda ngati uchi, kufunafuna kotsika. Kauntala ikapendekeka ngakhale pang'ono, mbali ina idzachindikala, ina n'kupyapyala, choncho ikani levulo musanayambe. Timathovu timakwera pamwamba patangopita mphindi zochepa. Mumatiphulitsa podutsitsa mpweya wotentha mofulumira, osaima pamalo amodzi, ndipo mumationa tikuphulika kamodzikamodzi m'mbuyo mwa dzanja lanu. Kunsi kwa m'mphepete kumalendewera madontho amene muyenera kumawapala ndi kamtengo kwa maola angapo oyambirira. Mukawaiwala, m'mawa mwake ndi timinga tolimba tofuna sandipepa. Tsitsi limodzi, kachilombo kamodzi kapena fumbi lochokera pawindo, zikagwerapo usiku umenewo zakhala pomwepo.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Epoxy amafuna kutentha kwa madigiri 21 mpaka 27. Kukazizira amalimba mochedwa ndipo thovu silituluka bwino. Kukakhala chinyezi chambiri pamwamba pamatha kuchita kachifunga konata. Amalimba pakatha masiku atatu, n'kukhwima pakatha pafupifupi mlungu, ndiye pa nkhani ya kudikira amaposa vanishi wa madzi. Koma dzuwa limamusandutsa wachikasu, zimene zimaonekera msanga pa woyera wa pafupi ndi windo. Kunyezimira kwake kumaonetsa kukandika kulikonse. Ndipo mukadana naye, kumuchotsa ndi ntchito yaikulu kuposa kumuika. Valani magolovesi a labala ya nitrile, chifukwa epoxy wamadzimadzi akamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limatha kuyamba kudana naye, ndipo vutolo likayamba nthawi zambiri silitha.

Pali epoxy wina wopyapyala wopaka ndi rola, amene amapentera pansi m'magalaja kapena mabafa akale. Sadya malita ambiri, ndipo pakauntala ya simenti youma bwino ndi amene ine ndingasankhe. Sapereka kuya kokongola kuja, koma amagwira simenti mwamphamvu ndipo laimu samuvutitsa. Penti wa galimoto wosakaniza mbali ziwiri ndi wolimba kwabasi, koma cholimbitsa chake chili ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amawononga mapapo akapoperedwa. Ameneyo asiyireni amisiri okhala ndi zodzitetezera zoyenera, ndipo kupoperako kuchitikire kunja kwa nyumba.

Moto ndi mpeni

Pano njira zonse zimafanana, ngakhale otsatsa malonda anene zotani. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo chiwaya chokazingira chimafika 180 kapena kupitirira 200. Epoxy wamba wambiri amayamba kufewa kutentha kukangodutsa madigiri 50 kapena 60, moti poto wochokera pamoto amasiya chidindo chozungulira. Penti ndi vanishi amatuwa kapena kutukusira. Mpeni umadula zonsezi, ndipo mzere umene wasiya ndi khomo la madzi olowera pansi. Choikapo mapoto ndi thabwa lodulirapo muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa penti. Chakudya chisakhudze penti mwachindunji, makamaka asanakhwime, ndipo potsuka pewani sitiliwulu ndi ufa wokwechera. Sopo wa mbale ndi kansalu kofewa n'zokwanira.

Ndiye musankhe iti? Pa Formica yolimba, m'nyumba ya anthu amene angapirire milungu itatu akuphikira patebulo lina, pulaima wabwino, acrylic ndi vanishi wa madzi ndi njira imene imabweza ndalama zake, bola muvomereze kuti pakapita chaka kapena ziwiri mudzawonjezera koti ina pafupi ndi sinki. Pasimenti, epoxy wopaka ndi rola. Pamatailosi, epoxy wothira ngati thumba likulola, apo ayi ingotsukani mizere n'kuidzazanso, penti mumuiwale. Pathabwa lenileni, musanaphimbe ndi penti ganizirani kungokwecha n'kupaka mafuta a thabwa kapena vanishi. Kungoti nsanza zonyowa ndi mafuta a thabwa a linseed musaziunjike, zimatha kuyaka zokha, ndiye ziyanikeni motambasula panja kapena muziviike m'madzi. Epoxy wothira pakauntala yaitali, wowerengera bwino adzapeza kuti nthawi zina mtengo wake ukuyandikira wa kauntala yatsopano ya Formica, ndipo afunse kaye mtengo wa yatsopanoyo asanagule mabotolo.

Amene mukukhala m'nyumba ya lendi, musapente mwini nyumba asanavomereze, chifukwa pa Formica yokwechedwa palibe kubwerera m'mbuyo. Kwa inu pali pepala la pulasitiki lomata, limene limabwera pampukutu. Silipirira moto kapena mpeni ngakhale pang'ono, ndipo m'mphepete mwa sinki limayamba kumatuka, koma silifuna sandipepa, ndipo tsiku losamuka mumalitenthetsa ndi choumitsira tsitsi n'kulisupula, guluu wotsala n'kumupukuta ndi sipiriti.